Kalata yotseguka kwa akuluakulu a Mangochi pa nkhani yoweta njoka pakhomo

Kwa akuluakulu ndi makhansala a Khonsolo ya Tauni ya Mangochi, kwa Bwanamkubwa wa boma lino, kwa Mkulu wa Nthambi yoona za nyama zakutchire, komanso kwa mafumu athu onse,

Mabwana ndi madona olemekezeka, ndikulemba kalatayi ngati nzika ya tauni ino komanso ngati kholo, kukupemphani kuti mukhazikitse lamulo la khonsolo lofotokoza momveka bwino za kusunga njoka pakhomo, ndipo mulilembe tsopano lino, pamene palibe maliro amene akutikakamiza kutero. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mudabwa ndi pempholi, pakuti kwathu kuno munthu akaona njoka amathamangira ndodo, ndipo mwana amaphunzitsidwa akadali wamng'ono kuti asapise dzanja m'una kapena pansi pa mulu wa nkhuni. Komabe m'mizinda ikuluikulu ya maiko ena njoka ndi chiweto chimene chimagulitsidwa m'sitolo monga mbalame kapena nsomba za m'galasi, ndipo mizinda imeneyo si yakutali ndi ife monga momwe tingaganizire.

Ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town kuli masitolo ogulitsa njoka zoweta, makamaka za mitundu iwiri yopanda ululu yotchedwa ball python (nsato yaing'ono) ndi corn snake (njoka yaing'ono ya ku America), ndipo palibe amene sadziwa kuchuluka kwa ana a boma lino amene amapita ndi kubwera ku Joni chaka ndi chaka. Iwo amabwera ndi katundu, komanso ndi zizolowezi zimene aziona kumeneko. Achinyamata athu amaonera pa Facebook ndi pa TikTok anzawo atakoleka njoka m'khosi, ndipo ena amayamba kuzisirira. Tili ndi chipata cha Chiponde cholowera ku Mozambique, tili ndi alendo amene amadzaza gombe kuchokera kuno ku boma mpaka ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear, ndipo pamene pali alendo pamapezekanso woganiza zopeza ndalama powajambulitsa ndi nyama yachilendo. Pa kalembera wa 2018 tauni ino inapezeka ndi anthu opitirira 50,000, ndipo boma lonse linali ndi anthu opitirira 1.1 miliyoni. Nyumba zikumangidwa mothithikana kuposa kale, kotero chimene munthu mmodzi wasunga kuchipinda kwake chimakhudzanso mabanja onse omuzungulira.

Dziko lathu lili nalo kale lamulo la nyama zakutchire, National Parks and Wildlife Act, limene linakhazikitsidwa mu 1992 ndi kukonzedwanso mu 2017, pamene chilango cha milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka chinakwezedwa kufika pa zaka 30 za ukaidi. Lamulo limeneli limafuna kuti munthu akhale ndi chiphaso asanasunge nyama yakutchire, ndipo limaletsa kutenga chamoyo chilichonse m'malo otetezedwa popanda chilolezo. Malawi analowanso mu 1982 m'pangano la maiko la CITES, limene limalamulira malonda a nyama zakutchire pakati pa maiko, ndipo mitundu yonse ya nsato ili pa mndandanda wa panganoli, kutanthauza kuti nsato siyenera kudutsa malire a dziko popanda zikalata. Zonsezi n'zabwino ndipo ndikuzilemekeza. Koma cholinga chachikulu cha malamulo amenewa n'kuteteza nyamayo kuti isathe. Funso la mayi amene akuchita lendi khomo loyandikana ndi la munthu wosunga njoka ndi lina: kodi njokayo ndi yaululu, kodi bokosi lake limatsekeka, kodi ikathawa usiku akauze yani? Mafunso otere ndi a khonsolo, ndipo lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linakupatsani mphamvu yopanga malamulo oyendetsera dera lanu pa nkhani za umoyo ndi chitetezo cha anthu. Ngati mfundo zina zokhudza nkhaniyi zilipo kale m'mabuku anu, zitulutseni kuti anthu azidziwe, chifukwa lamulo limene lili m'kabati ya ofesi silithandiza munthu wa ku M'baluku kapena wa ku Mpondasi.

Mizinda imene inakumana ndi nkhaniyi ife tisanakumane nayo inatsata njira zosiyanasiyana. Mzinda wa New York, kudzera m'malamulo ake a zaumoyo, unaletsa kusunga njoka zonse zaululu pamodzi ndi nsato za mtundu uliwonse, ngakhale ball python imene kawirikawiri sipitirira mita imodzi ndi theka ndipo imadziwika kuti ndi yofatsa. Mzinda wa Toronto ku Canada unaika malire pa kutalika: njoka iliyonse imene ikakula imapitirira mamita 3 ndi yoletsedwa, chimodzimodzinso zaululu, koma zing'onozing'ono zopanda ululu munthu akhoza kuweta. Ku Britain, lamulo la Dangerous Wild Animals Act la 1976 limalola munthu kusunga njoka yaululu pokhapokha atalandira chiphaso kuchokera ku khonsolo ya dera lake, dokotala wa ziweto atayendera malo osungirapo, ndiponso mwiniwakeyo atalipira inshuwalansi yoti ikabweze ngati njokayo ivulaza munthu.

Mwa njira zitatuzi, ya ku Britain ndi imene sindingakulangizeni kutengera, chifukwa imadalira zinthu zimene ife tilibe zokwanira, monga madokotala a ziweto oyendera nyumba ndi nyumba, makampani a inshuwalansi ovomera zotere, ndi zipatala zokonzeka kulandira wolumidwa nthawi iliyonse. Ya ku New York ndi yosavuta kuitsatira chifukwa wogwira ntchito wa khonsolo safunika kudziwa zambiri, koma ili ndi vuto lakuti imachititsa anthu kubisa njoka zawo, ndipo njoka yobisidwa ndi imene imaopsa kwambiri, popeza ikathawa mwini wake amangokhala chete poopa kumangidwa. Ine ndikuona kuti ya ku Toronto ndi imene ili pafupi ndi zimene tingakwanitse, bola tiwonjezerepo kalembera wa oweta ndi chiletso chokhwima pa njoka za kutchire kwathu kuno.

Chifukwa choyamba chimene ndikunenera kuti njoka zikuluzikulu ziletsedwe m'malo okhala anthu ndi mamangidwe a nyumba zathu. Mu Ogasiti 2013, m'tauni ya Campbellton ku Canada, nsato ya ku Africa imene inkasungidwa m'nyumba ya pamwamba pa sitolo yogulitsa ziweto inatuluka m'khola lake kudzera m'paipi yolowetsa mpweya, n'kugwera m'chipinda momwe munagona ana awiri apachibale, wina wa zaka 4 ndi wina wa zaka 6, ndipo anawo anapezeka atafa m'mawa. Nyumba imeneyo inali ndi siling'i. Tsono taganizirani za midadada yathu ya lendi, momwe mabanja anayi kapena asanu amakhala pansi pa denga limodzi, khoma logawa zipinda silifika kumalata, pansi pa chitseko pali mpata wolowa dzanja, ndipo ana amagona pa mphasa pansi. M'nyumba yotere njoka ikatuluka m'bokosi palibe choiletsa kufika kwa mnansi. Nsato yathu ikakula imafika mamita 4 kapena kupitirira, ndipo tonse tikudziwa kuti imameza mbuzi. Munthu amene waitenga ikadali yaing'ono amaona ngati adzaikwanitsa, koma njoka zimenezi zimakhala zaka zopitirira 20, zikukulabe ndi kufuna chakudya chochuluka, pamene mwini wakeyo mwina wasamuka, wakwatira, kapena wabwerera ku Joni n'kusiyira mng'ono wake bokosilo. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo zimene zinachitika ku Campbellton zikutikwanira kuti tiphunzirepo.

Pa njoka zaululu ndikupempha kuti pasakhale kukambirana za chiphaso n'komwe kwa munthu wamba, ndipo chifukwa chake ndi mankhwala. Anthu ambiri amaganiza kuti kuchipatala kuli jakisoni mmodzi wothana ndi ululu wa njoka iliyonse, koma sizili choncho. Mankhwalawa amapangidwa pobaya hatchi ululu wochepa wa mitundu yosankhidwa ya njoka, kenako n'kutenga m'magazi a hatchiyo chitetezo chimene thupi lake lapanga, kotero amagwira ntchito pa mitundu yomweyo basi kapena yapachibale kwambiri nayo. Amene amadziwika kwambiri kuno kummwera kwa Africa amapangidwa ku Johannesburg, ndipo anawakonzera njoka za kuno monga mphiri, songo ndi mamba. Munthu akalumidwa ndi njoka yochokera ku Asia, ku America kapena ku Australia imene wina anaibweretsa ngati chiweto, mankhwala amenewa sangadaliridwe, ngakhale wodwalayo atathamangitsidwa naye kuchokera pa chipatala cha boma lino mpaka ku chipatala chachikulu cha Zomba. Dokotala akhoza kukhala waluso ndi wodzipereka, koma sangapereke chimene m'dziko muno mulibe.

Ngakhale mankhwala a njoka zathu zomwe ndi osowa ndiponso okwera mtengo mu Africa muno. Kampani ya Sanofi Pasteur inasiya mu 2014 kupanga mankhwala otchedwa Fav-Afrique, amene maiko ambiri ankawadalira, ndipo otsiriza ake anatha mphamvu mu 2016. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cholumidwa ndi njoka, ndipo mu 2017 linaika vutoli pa mndandanda wa matenda a m'maiko otentha amene sasamalidwa mokwanira. Amene amalumidwa kwambiri ndi alimi m'minda, ana oweta mbuzi, amayi otola nkhuni ndi asodzi oyenda m'bango usiku, anthu a ku Makanjira, ku Katuli ndi ku Namwera amene sanasankhe kukumana ndi njoka. Sikungakhale chilungamo kuti botolo limene likanapulumutsa mwana wolumidwa ndi mphiri kumunda likathere pa munthu amene anadzibweretsera yekha ngozi m'nyumba pofuna kudzionetsa. Pambali pa ululu, ngakhale njoka yofatsa imanyamula tizilombo ta Salmonella m'ndowe zake, timene timayambitsa kutsekula m'mimba ndipo timaopsa kwambiri kwa ana aang'ono, choncho bokosi la njoka siliyenera kutsukidwa pa mpopi kapena pa chitsime chimene mdadada wonse umatungapo madzi.

Chinthu china chimene Mangochi ayenera kuchiopa kuposa New York kapena Toronto ndi nyengo yathu. M'mizinda yozizira imeneyo njoka ya kumalo otentha ikathawa imafa chisanu chikafika. Kuno sidzafa. Idzapeza kutentha chaka chonse, madzi a Shire ndi a nyanja ya Malombe, bango lobisalamo, makoswe, nchenzi, mbalame ndi nkhuku za anthu. Ku Florida, m'dziko la America, nsato za mtundu wa Burmese python zimene zinabwera kuchokera ku Asia ngati ziweto zinathawa, zina zinatayidwa ndi eni ake zitawakulira, ndipo zinaswana m'madambo a Everglades mpaka kafukufuku wina wa mu 2012 anapeza kuti mitundu ina ya nyama zing'onozing'ono yachepa ndi 90 pa 100 iliyonse kapena kupitirira apo. Chaka chomwecho boma la America linaletsa kulowetsa njokazi m'dzikomo, koma pofika nthawiyo zinali zitakhazikika kale, ndipo mpaka lero akulimbana nazo osazimaliza. Ife a m'mbali mwa Shire tikudziwa kale zimene chinthu chachilendo chimachita chikapeza malo abwino, chifukwa namasupuni anachokera ku South America ngati duwa lokongoletsa, koma lero amatseka madzi, amasokoneza asodzi, ndipo zinyalala zake zimavutitsa makina opangira magetsi kumunsi kwa mtsinjewu. Tili pakati pa malo osungirako zachilengedwe a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984, ndi nkhalango ya Mangochi imene mu 2018 inaperekedwa m'manja mwa bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks kuti iziyang'aniridwa pamodzi ndi Liwonde. Njoka yachilendo ikalowa m'malo amenewa palibe amene adzaitulutse.

Pali mbali ina imene malamulo a mizinda ya kunja saiganizira, koma ife sitingaizembe. Kwathu kuno munthu akapezeka ndi njoka m'nyumba, anthu ambiri saganiza za chiweto, amaganiza za kukhwima ndi ufiti. Mphekesera yakuti uje akusunga njoka yomubweretsera ndalama imayenda msanga, ndipo tonse tamvapo za nyumba zotenthedwa ndi anthu okalamba omenyedwa m'maboma osiyanasiyana chifukwa chowaganizira zotere. Lamulo la ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma gulu la anthu likakwiya silidikira kuti wina aliwerengere lamulo. Mnyamata amene wagula corn snake chifukwa anaiona pa foni akhoza kuika pa ngozi moyo wake, wa makolo ake ndi wa agogo ake. Lamulo lomveka la khonsolo limateteza mbali zonse ziwiri, pakuti mnansi wodandaula amakhala ndi ofesi yopitako m'malo motola miyala, ndipo woweta wovomerezeka amakhala ndi chikalata choonetsa kwa mfumu ndi kwa apolisi. N'chifukwa chake ndikupempha kuti mafumu athu, kuyambira a T/A Mponda, a T/A Chimwala ndi a T/A Nankumba mpaka anyakwawa, komanso mashehe ndi abusa, akhalepo pokonza lamuloli kuyambira pachiyambi.

Zimene ndikupempha kuti zilembedwe ndi izi. Njoka iliyonse yaululu, ya kuno kapena ya kunja, isasungidwe m'nyumba yokhalamo anthu, m'sitolo, m'malo ogona alendo kapena m'malo omwera, ndipo chimodzimodzi njoka iliyonse imene ikakula imapitirira mamita 3, ngakhale pa tsiku loipezalo ikhale yaifupi ngati mkono. Njoka za kutchire kwathu, makamaka nsato, zisagwidwe kuti ziwetedwe, zigulitsidwe kapena zijambulitsidwe ndi alendo, chifukwa ntchito yake ili kutchire komweko, kumene imadya makoswe ndi nchenzi zimene zimaononga mbewu zathu. Amene akufuna kusunga njoka yaing'ono yopanda ululu aonetse kaye chiphaso cha nthambi ya nyama zakutchire ndi zikalata zosonyeza kumene njokayo inachokera, alembetse ku khonsolo dzina lake, malo ake ndi mtundu wa njokayo, akhale wa zaka 18 kapena kupitirira, ndipo ngati ali pa lendi abweretse kalata yovomereza ya mwini nyumba. Bokosi likhale lolimba, lokhala ndi loko, lolowa mpweya ndi lokwanira kuti nyamayo isazunzike, pakuti njoka nayonso ndi cholengedwa chimene chimamva njala, ludzu ndi kupweteka. Masukulu ndi mabungwe amene amasunga njoka pofuna kuphunzitsa anthu akhale ndi ndondomeko yawoyawo yokhwima, yoyang'aniridwa ndi akatswiri a nthambiyo.

Mfundo imodzi ndikuitsindika mwapadera, ndiyo yakuti njoka ikathawa mwini wake anene tsiku lomwelo, ndipo chilango cha kubisa chikhale chachikulu kuposa cha kuthawitsa. Mu Juni 2021 anthu a mumzinda wa Raleigh ku America anachita mantha njoka yolavula ululu yochokera kuno ku Africa itaoneka pa khonde la nyumba ina, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti inali itathawa miyezi ingapo m'mbuyomo mwini wake osanena kwa akuluakulu. Khonsolo ya mzindawo inakhazikitsa lamulo loletsa nyama zoopsa chaka chotsatira, chinthu chimene ikanatha kuchita kale anthu asanaopsezedwe.

Lamuloli likadzayamba kugwira ntchito, mupereke nthawi yoti aliyense amene ali ndi njoka yoletsedwa aipereke popanda kuimbidwa mlandu, chifukwa mukangoopseza, anthu adzazitaya usiku m'bango la m'mbali mwa Shire, ndipo vuto lomwe tikulithawa lidzakhala litayamba pomwepo. Pa za kumene njoka zoperekedwazo zingapite, kambiranani ndi nthambi ya nyama zakutchire komanso a Lilongwe Wildlife Centre, amene ntchito yawo ndi kulandira nyama zopulumutsidwa. Ndikupemphanso kuti anthu angapo a khonsolo aphunzitsidwe kugwira njoka ndi kuzindikira mitundu yake, apatsidwe mbedza, zopanira ndi magalasi otchinga maso, ndipo nambala yawo ya foni idziwike m'tauni monse. Anthu amenewa adzagwira ntchito ngakhale kutapanda kupezeka woweta njoka ndi mmodzi yemwe, chifukwa nthawi ya dzinja, madzi akasefukira monga zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, njoka zimathawira m'nyumba, m'makalasi ndi m'makola, ndipo nthawi zambiri munthu amalumidwa pamene akuyesa kuipha yekha.

Pomaliza pa zopempha zanga, lamuloli lilembedwe m'Chichewa ndi m'Chiyao kuwonjezera pa Chingerezi, limatidwe pa msika, pa depoti, pa chipata cha Chiponde ndi m'malo ogona alendo, ndiponso liwerengedwe pa wailesi za Dzimwe ndi Radio Maria kuti amene sadziwa kuwerenga alimve. Popeza lamulo la khonsolo limayenera kukambidwa, kuonetsedwa kwa anthu ndi kuvomerezedwa ndi nduna lisanayambe kugwira ntchito, njirayi imatenga nthawi, choncho ndikupempha kuti nkhaniyi ilowe pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wotsatira wa khonsolo yonse, ndipo muitane a zaumoyo, a zaziweto, apolisi ndi a nthambi ya nyama zakutchire kuti adzakhale nanu pa tsikulo. Ife okhala m'tauni muno tikupempha kuti tsiku la msonkhanowo lilengezedwe poyera kuti nafenso tidzabwere kudzapereka maganizo athu.

Ine wanu mwaulemu,

Nzika ndi kholo la ku Mpondasi, Mangochi